Njere za Kamlomo

"Mbuzi zanga ine sizikwera mtengo ngati mbuzi za anthu wamba. Ndikaimba likhweru kamodzi, zonse zili pamwamba. Ndikaimba kawiri, zimatembenukira kumsewu kuti azungu azijambule kumaso."

"Nanga mukaimba katatu, Dda Mbark?"

"Katatu sindinayesepo. Ndimaopa zingauluke."

Amuna a m'tenti ya tiyi anaseka, matambula n'kumagundana pathireyi. Ijja anali kuseri kwa tentiyo akugula chibuma cha shuga, ndipo iye sanaseke. Dda Mbark anali mkulu wa malemu mwamuna wake, choncho mabodza awo anawadziwa kwa zaka makumi atatu, ena akali makanda mpaka kumera ndevu. Mudzi wonse wa Tizgi unkadziwa kuti mbuzi zimene alamu akewo ankaonetsa kwa alendo kumsewu waukulu zimakwera mtengo monga momwe thumba la balere limakwerera bulu: pamafunika wolinyamula. Koma tiyi anagula ndi iwowo, ndipo palibe amatsutsa mwini tiyi, tiyiyo asanathe.

Ijja analipira shuga wake, n'kuuyamba wakumudzi.

Njira yochokera kumsika wa Lachiwiri inkadutsa m'mbali mwa mitengo yake isanu ya arigani, yaminga, yobala zipatso za njere zoyengera mafuta, imene mwamuna wake Bihi anamusiyira pomwalira. Unali mwezi wachiwiri wa agudali, nyengo imene nkhalango imakhala yotseka: mbuzi silowamo, munthu satolamo chipatso ngakhale chagwa chokha, mpaka akuluakulu atatsegula. Kuyang'ana kokha n'kumene sikuletsedwa, ndipo Ijja ankayang'ana mitengo yakeyo Lachiwiri lililonse monga mayi woyendera mwana amene anakwatiwa.

Inayi inali bwinobwino. Wachisanu, waukulu kuposa yonse, umene pabanjapo ankautcha Kamlomo, unali ngati mutu wometedwa ndi lumo lobuntha. Zipatso zimene sabata yathayo zinali zitayamba chikasu zinali zitatha kuyambira kunthambi za m'munsi mpaka kunsonga. Paminga panakodwa ubweya wakuda. Pansi panali ndowe za mbuzi za dzulo lake, ndi mapazi olowera kunsi, kumsewu waukulu. Kamlomo yekha ankabala madengu asanu ndi limodzi, theka la mafuta ake a chaka chonse.

Komabe si mafutawo amene anamuimitsa chilili. Chichitikire maliro a Bihi, Dda Mbark ankauza akuluakulu kuti mkazi yekhayekha sangasunge mitengo, bola ibwerere kubanja, ndipo banja limene ankanenalo linali iwo eni. Akuluakulu anati nkhaniyo adzaiona pa tsiku lotsegula nkhalango. Tsopano Ijja adzafika tsikulo ndi mtengo wometedwa popanda woumeta, alamu ake n'kungoloza ndi chala, osafunika ngakhale kulankhula.

Gulu limodzi lokha la mbuzi ndi limene linatsika m'mudzimo Lolemba mbandakucha, ndipo linali la Dda Mbark. Ijja anaima pamenepo, chingwe cha bulu wake chili m'manja, nazindikira chinthu chowawa. Kwa nthawi yoyamba pa zaka makumi atatu, ankafuna kuti mlamu wake akhale atanena zoona, zoti mbuzi zake zimakwera mtengo zokha.

Mlonda wa agudali anali Dda Addi, nkhalamba yowonda yokhala ndi ndodo, wenzulo, ndi chipewa chimene ankati n'cha boma, ngakhale kuti boma silinadziwepo kuti lili ndi chipewa choterocho. Ijja anawapeza pakhomo pawo akusisita bondo ndi mafuta.

"Dda Addi, Lolemba mbandakucha munali kuti?"

"Pantchito, mwana wanga. Maso angawa sagona."

"Ndiye mwamuona amene wameta Kamlomo."

Dda Addi anayang'ana bondo lawo kwa nthawi ndithu.

"Maso sagona," anatero, "koma bondo nthawi zina limagona. Ukuganizira ndani?"

"Alamu anga."

"Aaa, usaponye mwala pamunthu wogulira anthu tiyi. Popanda umboni palibe mlandu."

"Umboni ulipo. Uli m'khola mwawo, kumsewu."

Apa panalibe chofotokozerana. Mbuzi imameza chipatso cha arigani chathunthu, koma njere yake ndi yolimba ngati mwala, ndipo mbuziyo ikagona pansi n'kumabzikula, imailavula. Mtengo uliwonse uli ndi njere zakezake. Ina imabala zozungulira, ina zazitali. Za Kamlomo zinali zosongoka, zopindika kunsonga ngati mlomo wa nkhwali, ndipo m'nkhalango yonse ya Tizgi munalibe mtengo wina wobala zoterozo. Vuto linali lakuti Lachitatu lililonse Dda Mbark ankasesa m'khola, ndipo mapemphero a masana akangotha kunkabwera wagalimoto kudzagula njerezo.

"Ndi ulendo wa maola asanu," anadandaula Dda Addi. "Ndi bondo ili?"

"Inu mukwera bulu. Ine ndiyenda."

"Nanga ndikakana?"

"Ndituma funso kumzikiti Lachisanu, loti balere amene timasonkha chaka ndi chaka timalipira maso kapena bondo."

Dda Addi anati, poganiza bwinobwino, iwo anali ndi cholinga kale choyendera mbali ya kumsewuyo.

Ananyamuka m'mawa mwake, Lachitatulo, kutangocha. Anayamba aima pa Kamlomo, chifukwa Ijja ankafuna zipatso zochepa zofanizira, ndipo iye sakanatola ngakhale chimodzi pansi pa mtengo wake womwe. Dda Addi anatsika pabulu, anakonza chipewa, anaimba wenzulo kamodzi, kaya ankadziwitsa ndani, kenako anatola zipatso zisanu zimene mbuzi zinaphonya pakati pa miyala. Anazimanga m'kansalu pamodzi ndi ubweya wakuda uja, n'kuika pachifuwa.

Njira inali ya miyala yokhayokha. Ijja ankayenda patsogolo atagwira chingwe, osatembenuka, maso ali padzuwa. Dda Addi pambuyo ankafotokoza mbiri ya ulonda wawo: anthu amene anawagwira, ngamila za anthu a kuchipululu zimene anazipirikitsa okha ndi ndodo yomweyo, nkhandwe imene inangomva wenzulo n'kusamuka dera lonse. Agologolo ankathamanga pamakoma a miyala, aliyense njere ili kukamwa, poyera, pamaso pa mlonda. Dda Addi ankawaona, koma anati amenewo nkhani yawo idzakhala ya tsiku lina.

Dzuwa litakwera ndithu, anatsikira m'khwawa louma lodzaza ndi zitsamba. Pakati pa khwawalo bulu anaima. Ijja anakoka chingwe, bulu anakana. Anakokanso, ndipo m'pamene anamva phokoso, khoo, khoo, ngati amayi akuswa njere pamwala. Koma kuno kunalibe amayi.

Pansi pa mtengo wa arigani, pomwe njira inkadutsa, panali nguluwe yaikazi, yaikulu ngati mwana wa ng'ombe, ubweya wa pamsana uli njoo. Kumbali kwake kunali tiana tisanu ndi kamodzi tamizeremizere. Inkadya zipatso zakugwa, n'kumaswa njere ndi mano ngati ikudya mtedza wokazinga. Inadzutsa mutu, n'kuwayang'ana.

Ijja anatembenuka kuti afunse mlonda zochita. Pamsana pa bulu panalibe munthu. Panatsala ndodo yokha, ili pansi.

"Ndili kuno," anatero mawu ochokera m'mwamba. Dda Addi anali panthambi yachitatu ya mtengo wina, pakati pa minga, bondo lija litapindika bwino lomwe. "Ndakwera kuti ndione bwino kukula kwa vutoli."

"Ndiye mwaona kuti ndi lalikulu bwanji?"

"Lalikulu. Usagwedezeke. Ikakukhudza nyama yodetsedwa imeneyo ukasamba kasanu ndi kawiri."

"Ikandikhudza imeneyi adzandisambitsa ndi ena."

Anadikira. Nguluwe inabwerera pa chakudya chake, mosapupuluma, monga munthu amene sanamvepo za agudali. Kuzungulira kunali kosatheka, chifukwa mbali zonse ziwiri kunali matanthwe oti bulu sangakwere. Kubwerera kukafuna njira ina kukanadya maola awiri. Ijja anayang'ana mthunzi wake, naona kuti ukufupika. Anaganiza za wagalimoto uja akumanga matumba.

"Imbani wenzulo, Dda Addi."

"Wenzulo ndi ya anthu. Nyama siidziwa malamulo."

Ijja anakulunga chingwe cha bulu padzanja kawiri. Anali ndi mantha. Koma analinso ndi chinthu chimodzi chimene amayi onse a ku Tizgi ankamupatsira ulemu. Anakoka mpweya, anaika dzanja pamwamba pa mlomo, n'kuimba nthungululu, ija ya paukwati, yoti akamaimba ku Tizgi anthu a kutsidya amayamba kufunsana kuti wakwatiwa ndani. M'khwawamo inagunda thanthwe ili, n'kubwerera ku thanthwe linalo, ngati amayi makumi awiri. Bulu naye, kaya chifukwa cha mantha kaya chisangalalo, analowererapo ndi mawu ake onse.

Nguluwe inaima kaye, makutu ali tcheru. Kenako inaona kuti ukwati umenewu sinaitanidweko. Inapfuula kamodzi, n'kulowa m'zitsamba, tiana tili pambuyo mondondozana.

Kutsitsa Dda Addi kunatenga nthawi yaitali kuposa kuthamangitsa nguluwe. Pokwera anawakweza ndi mantha, koma potsika panafunika nzeru, ndipo minga ya arigani siibweza msanga chimene yagwira. Ijja anakokera bulu pansi pa nthambi, nkhalambayo n'kutsetserekera pamsana pake, mkanjo utang'ambika kumbuyo kuyambira m'chiuno.

"Nkhani iyi," anatero Dda Addi akukonza chipewa, "si yofunika kuti ifike kumudzi."

"Nkhani iti? Ine ndaona mlonda akuyendera mitengo. Koma tsikaninso pang'ono, munditolere makoko amene yasiya nguluweyo."

"A chiyani?"

"Sindikudziwa. Alamu anga ndimawadziwa, basi."

Anafika pamsewu waukulu wopita kumzinda wa Tassurt mawu oitanira mapemphero a masana akumveka patali. Mtengo wa Dda Mbark unali pamalo pake, m'mphepete mwa phula, ndipo m'menemo munaima mbuzi zisanu ndi zinayi, zoyera, zonenepa, iliyonse pathabwa lake lokhomedwa bwino pakati pa masamba. Zinaima ngati anthu odikira pachipatala. Pansi panali basi ya alendo ndi azungu okwana makumi awiri, mafoni ali m'mwamba. Dda Mbark anali pakati pawo atakulunga nduwira yabuluu ya anthu a kuchipululu, ngakhale kuti chipululu sanachiponde chibadwire, chipewa chotolera ndalama za madiramu chili m'manja.

"Mlamu!" anafuula atamuona Ijja. "Kwagwanji? Mwabwera kudzajambulitsa? Achibale timawachotsera theka."

Anapatsana moni wonse, wa thanzi, wa ana, wa ziweto, wa odwala, chifukwa mlandu suthamangitsa moni. Utatha moniwo, Dda Addi anaima motembenuzira msana kubasi kuti pong'ambika pasaoneke kwa Dda Mbark, n'kunena chimene anabwerera.

Dda Mbark anapukusa mutu mwachisoni.

"Kamlomo? Mtengo wa mng'ono wanga? Ndinanena ine kuti mitengo imafuna mwamuna. Ndi nguluwe zimenezo. Chaka chino zachuluka."

"Za nguluwe musandiuze ine," anatero Dda Addi, mawu atakwera mwadzidzidzi. "Ndakumana nayo lero lomwe, maso ndi maso, ndipo yathawa." Anaponya diso kwa Ijja. Ijja ankayang'ana makutu a bulu. Dda Addi anatulutsa makoko aja n'kuwatambasula pachikhatho. "Nguluwe imadya zapansi, n'kuswa njere chonchi. Kamlomo wadyedwa mpaka kunsonga. Nguluwe siikwera mtengo, Mbark. Zimenezo ndatsimikiza ndekha."

Dalaivala wa basi, bambo wamimba yaikulu dzina lake Lahbib, anali atasendera pafupi, ndudu ili m'manja. Dda Mbark anamuona, ndipo anakokera Dda Addi pambali n'kuyamba kunong'ona.

"Kwezani mawu, alamu," anatero Ijja. "Fumbi la m'njira landitseka makutu."

"Ndikulankhula ndi mlonda."

"Mtengo ndi wanga. Mukunena kuti chiyani?"

"Ndikuti sizikwera."

"Chiyani sichikwera?"

"Mbuzizi! Sizikwera mtengo! Timazikweza ndi manja m'mawa, n'kuzitsitsa madzulo. Mwamva tsopano? Imodzi mwa izi mutaiika pansi pa mtengo ingafe ndi njala ikuyang'ana kumwamba."

Lahbib anaseka mpaka kutsokomola.

"Ife timadziwa kale, Dda Mbark," anatero, "koma kumva mwini wake akunena n'kokoma."

Mayi wina wachizungu anafunsa dalaivalayo kuti bamboyo akukalipa chiyani. Lahbib anamuyankha kuti akudalitsa mbuzi zake, ndi mwambo wa kuno. Mayiyo anajambulanso.

Dda Addi anazungulira mtengo uja, manja ali kumbuyo pong'ambika paja. Anaona matabwa, anaona misomali, anaona mimba za mbuzizo. Anatulutsa ubweya wa m'kansalu n'kuuyerekeza.

"Mwana wanga," anatero motsitsa mawu, "ubweyawu ndi wakuda. Izi ndi zoyera zonse, ndipo munthu wavomera pamaso pa anthu kuti ndi wabodza. Munthu akavomera zoterozo, ndiye kuti akunena zoona."

Ijja anayenda maola asanu kudzatsimikiza kuti mlamu wake ananena zoona kumsika, ndipo mlamuyo anapulumukira pa bodza lake lomwe. Dda Mbark anali atayamba kale kumwetulira, akufotokozera Lahbib mmene zimavutira kusamalira akazi amasiye.

Kenako kuseri kwa kaphiri kunalira injini.

Ijja anasiya chingwe cha bulu m'manja mwa Dda Mbark, amene anachilandira asanaganize, n'kuyamba kukwera kaphiriko. Sanathamange, chifukwa mayi wa zaka makumi asanu sathamanga pamaso pa amuna, koma aliyense amene akanafuna kuyenda naye akanathamanga. Kuseriko kunali khola la miyala losesedwa bwino, ndi galimoto yabuluu yotsegula kumbuyo, itayamba kale kusuntha, matumba atatu ali pamwamba. Ijja anaima pakati pa njira. Galimoto inaima. Iye anazungulira, anakwera kumbuyo, n'kukhala pathumba.

"Mayi, tsikani!" anafuula wogula njereyo, mutu uli pawindo. "Katunduyu ndagula."

"Zimitsani injini, bambo. Mafuta ndi odula."

Pamene enawo ankafika, Dda Addi akutsimphina, Dda Mbark akukoka bulu, Lahbib ali pambuyo chifukwa nkhani yotere sakanaisiya, onse anaona chinthu chimodzi nthawi imodzi. Kuseri kwa khola kunali mtengo wakale wosabala, ndipo m'nthambi zake munali mbuzi zakuda zoposa khumi, zowonda, za miyendo yaitali, ina ili kunsonga kwenikweni pa kanthambi koti mbalame ingayambe yakayika. Panalibe thabwa ngakhale limodzi. Zimenezi Dda Mbark sankazionetsa kwa alendo, chifukwa zinkakwera pamene zafunira, n'kutsika basi isanaime.

"Zimenezo zimangokwera kuno kokha," anatero Dda Mbark. "Kumudzi zimachita manyazi."

"Masulani matumba," anatero Ijja.

"Njere ndi njere, mlamu. Zilibe dzina."

"Zanga zili nalo."

Lahbib anawoloka msewu kukaitana Lalla Zaina, mkulu wa amayi a kopaletivi yoyenga mafuta, amene nyumba yawo yogulitsiramo inali patsidya pomwepo. Anabwera akupukuta manja, mayi wamfupi wosakonda mawu ambiri, amayi ena awiri ali pambuyo. Matumba anakhuthulidwa pansalu. Dda Addi anamasula kansalu kawo mwaulemu wonse, Lalla Zaina anasenda zipatso zisanu zija, n'kuika njere zake pamwala: zosongoka, zopindika kunsonga.

"Ndi maso aliyense angasankhe zofanana," anatero Dda Mbark. "Ngati ndi zake zenizeni, asankhe osaona."

Anaganiza kuti wapeza potulukira. Lalla Zaina anavula mpango wake n'kumanga Ijja kumaso. Ijja anagwada, nalowetsa manja m'mulu uja. Zala zimenezo zinaswa njere za Kamlomo kwa zaka makumi atatu, chaka ndi chaka, imodziimodzi, ndipo zala zikuluzikulu zonse ziwiri zinali ndi zipsera za ntchitoyo. Sanachedwe. Ankakhudza, n'kuponya kumanzere, kukhudza, kumanja. Zitakwana makumi awiri kumanja, Lalla Zaina anamugwira dzanja, n'kuziika pambali pa zisanu zija.

"Mtengo umodzi," anatero.

Amayi aja anagwada nawo, ndipo posakhalitsa mulu wa kumanja unali utaposa theka la katundu yense. Wogula njere anayang'ana wotchi, nayang'ana kumwamba, n'kuyatsa ndudu.

Dda Mbark anali munthu woti akagwa amayang'ana kaye ngati pansipo pali ndalama. Anatambasula manja.

"Chabwino. Mbuzi ndi mbuzi, zinandipulumuka mumdima. Nazo njere zanuzo, mlamu, tengani zonse. Zakusendererani kale, ntchito yachepa. Musandithokoze, ndife banja."

Lalla Zaina anatapa njere zodzaza dzanja, ananunkhiza, n'kuzifikitsa pamphuno pa Dda Mbark.

"Nunkhizani."

"Ndili ndi chimfine."

"Zodutsa m'mimba mwa mbuzi ife sitilandira. Mafuta ake amanunkha tonde, ndipo sachedwa kuwawa. Mukufuna mayiyu akathire zimenezi pabuledi wa alendo?"

"Sindinataye njere za m'khola," anatero Ijja. "Ndinataya zipatso za mumtengo. Madengu asanu ndi limodzi."

"Asanu ndi limodzi! Ndani anawerenga?"

"Inu. Chaka chatha munauza akuluakulu kuti Kamlomo amabala asanu ndi limodzi, ndipo ndi ochuluka kwambiri kwa mkazi mmodzi."

Onse anatembenukira kwa Dda Addi. Nkhalambayo inamva kuti nthawi imene chipewa chija chinasokedwera yakwana. Inaimba wenzulo, ngakhale kuti aliyense anali chete kale, n'kugamula monga mwa mwambo: wodyetsa mbuzi m'nkhalango yotseka amabweza zipatso za m'mitengo yake, zoyera, zotola ndi manja ake, pa tsiku lotsegula, wina aliyense asanatole.

"Ndi manja anga? Ndili ndi waganyu."

"Waganyu ndiye anatsika ndi mbuzi Lolemba?"

Kumsewu basi inaliza hutala, ndipo Lahbib anapita akupukuta misozi, akuti nkhaniyi ikafika ku Tassurt dzuwa lisanalowe.

Nkhalango inatsegulidwa patapita milungu isanu ndi iwiri. Mudzi wonse unasonkhana m'mphepete mwake m'mawa, abulu, madengu, matumba, ana ndi amayi. Shehe wa pamzikiti anapemphera, anthu anayankha, koma palibe analowa. Onse anakhala pamakoma a miyala, ena n'kuyatsa moto wa tiyi, chifukwa zinthu zina sizichitika chaka chilichonse.

Dda Mbark anabwera atavala mkanjo woyera wa Lachisanu, poganiza kuti mwina akuluakulu achita manyazi kugwaditsa munthu wovala choncho. Akuluakulu sanachite manyazi. Mmodzi wa iwo anangonena, akuthira tiyi, kuti munthu salipira zipatso kwa amene si mwini mtengo, choncho nkhani ina ija imene anasungira tsikuli yadziweruza yokha. Enawo anagwedeza mitu, n'kupempha shuga.

Anatola. Chipatso cha arigani chimagwera pakati pa miyala ndi minga, ndipo sichitoledwa munthu ali chiimire. Pofika dengu lachiwiri mawondo a mkanjo anali atafiira. Pa lachinayi anavula nsapato zachikasu n'kuzipachika panthambi. Amayi ankamulangiza mokoma mtima ali pakhoma: "Kumanzere kwanu, Dda Mbark, mwasiya ziwiri!" "Chimenecho ndi ndowe, bwezani!" Dda Addi ankayenda uku ndi uku ndi ndodo yawo, akuyang'anira, ndipo aliyense wofunsa za chigamba cha kumbuyo kwa mkanjo wawo ankamuuza kuti ntchito ya ulonda ili ndi zinsinsi zake.

Dzuwa lili pamutu, Dda Mbark anabweretsa dengu lachisanu ndi chimodzi n'kuliika pamapazi a Ijja, thukuta likutsika m'ndevu.

"Akwana, mlamu. Nenani pamaso pa anthu, tizipita."

Ijja anayang'ana dengulo. Anawerama, analigwira m'mbali zonse ziwiri, n'kuligwedeza katatu monga amachitira mayi aliyense pamsika. Zipatso zinakhazikika, n'kutsika kutalika kwa zala zinayi.

Dda Mbark anayang'ana akuluakulu. Akuluakulu ankayang'ana m'matambula awo. Anabwerera pansi pa mtengo, anagwadanso, natola zodzaza m'mphepete mwa mkanjo wake woyera uja, n'kudzakhuthulira m'dengumo mpaka zina zinagwera pansi. Zakugwazo anazitolanso yekha.

Ijja anasalaza pamwamba ndi chikhatho, naimirira.

"Akwana," anatero mokweza, kuti ndi a kumapeto kwa khoma omwe amve. "Alamu anga alibe nane ngongole."

Dda Addi anaimba wenzulo, ndipo anthu anatsika pamakoma ndi madengu awo n'kulowa m'nkhalango.